Mchere Pakhomo pa Apongozi

Lidiya anali asanatule ndowa pamutu pamene apongozi ake aakazi anamukoka chitenje.

"Tula, muroora, mkazi wa mwana wanga. Tula udzaone ntchito za abambo ako."

Madzi anakhavukira paphewa. Anali atawaimira pamzere wa kumjigo kuyambira mbandakucha, pakuti mipopi ya ku Budiriro inali itauma kalekale. Anatula ndowayo pakhonde n'kutsatira mayiwo, amene ankatsimphina ndi miyendo yotupa, mpaka kuseri kwa nyumba. Pakati pa chitseko cha chipinda chawo ndi khola la nkhuku panali kabwalo kadothi. Pa dothipo panali mbuu.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi mchere, amai."

"Maso ndili nawo. Ndikufunsa kuti ukufuna chiyani pakhomo panga. Dzana nkhuku zafa, lero zina zangoti khuma. Miyendo yangayi ukuiona. Ndinamuuza Tatenda tsiku lomwe anakubweretsa muno kuti mabwidi sayenda okha, amanyamula zigure zawo, zinyau zija, m'sutukesi."

Ankalankhula Chishona, ndipo ankakweza mawu kuti anthu a kuseri kwa mpanda asavutike kutchera khutu. Mawu akuti mabwidi, onyozera anthu ochokera ku Malawi, Lidiya anayamba kuwamva ali kusukulu ya pulaimale ku Mufakose komwe anabadwira. Ku Malawiko anali asanapondeko. Koma m'nyumba muno anali asanawamvepo masana poyera chonchi.

Mwini mcherewo Lidiya ankamudziwa.

Bambo ake, a Lameki, anabwera kudzakhala nawo atadwala sitiroko. Anagwira ntchito kufakitale yosungunula zitsulo mpaka imvi, anali mkulu wa mpingo, munthu amene ankanyamula thumba la simenti ngati pilo. Matenda anawapha dzanja ndi mwendo wa kumanja. Anawalandanso Chishona ndi Chingerezi chomwe, n'kuwasiyira Chichewa chokha cha makolo awo, chotuluka movutikira ngati madzi a mpopi wotsekeka. Kuchipatala anati azichita mafizo. A Lameki anakana. Ankangokhala pasofa, maso pakhoma.

Tsiku lina chakum'mawa Lidiya akusinthasintha matchanelo, anapeza masewera a ku Japan otchedwa sumo. Zimphona ziwiri zovala lamba wansalu yekha zinkagundana m'bwalo ladothi mpaka china chigwe kapena chiponde kunja. Iye anaseka, akufuna kupitirira. A Lameki anagogoda ndodo pansi.

"Siya."

Kuyambira pamenepo sanaphonyenso. Mwa onsewo anasankhapo mmodzi wa mawondo okulungidwa nsalu zoyera, n'kumupatsa dzina loti Mabandeji. Owulutsa ankakonda kufotokoza mbiri yake, Lidiya n'kumamasulira. Munthuyu anatsala pang'ono kufika pamwamba penipeni, bondo n'kuthyoka. Anatsika mpaka m'magulu a pansi, komwe salipidwa, komwe amasesa bwalo ndi kunyamulira anzawo matawulo. Ana amene iye anawaphunzitsa ankamudutsa. Koma sanadule tsitsi lake lomangidwa pamutu, chizindikiro chosiya ntchito. Anakweranso pang'onopang'ono, tsopano ali wamkulu kuposa onse m'gulu la pamwamba.

A Lameki anaonetsetsa mmene amunawo amachitira asanagundane. Amawaza mchere m'bwalo, amadziwomba ntchafu, amakweza mwendo umodzi n'kuponda pansi mwamphamvu. Mmawa wina anadzikoka yekha mpaka kuseri, atafumbata mchere wa m'khitchini. Anauwaza, anagwira mtengo wa khola, n'kuyesa kukweza mwendo wakufawo. "Dzuka, mnyamata," ankanong'ona. "Dzuka." Pofika mwezi wa October ankafika pageti ndi ndodo yokha, popanda wowagwira.

"Ndi masewera chabe, amai," anatero Lidiya. "Amaonera pa TV. Mcherewo ndi woyeretsera bwalo kuti munthu asavulale."

"Ha! Ndiye kuti ndi mankhwala. Wanena wekha."

"Si mankhwala. Ndi mwambo wa kwawoko."

"Nanga zimene amang'ung'udza m'chilankhulo chanucho, akuponda pakhomo panga? Akudzutsa ndani?"

Madzulo mwamuna wake Tatenda atabwera kuchokera ku Glen View komwe ankawotcherera zitsulo, anapeza nyumba ili duu. Anamva mbali zonse ziwiri ataimirira, ovolosi ili m'thupi. Kenaka anatikita maso ake ofiira ndi moto wa ntchito, n'kutembenukira kwa Lidiya, amene ankamuitana ndi dzina la mwana wawo.

"Mai Mazvita, bwanji sunawaletse kale? Ukudziwa mmene amai amaonera zinthu izi."

"Ndiwaletse kuyenda?"

"Ndikunena mchere."

"Mawa ndi Loweruka, simupita kuntchito. Mukhale nonse muone ndi maso anu. Nkhani ithera pomwepo."

Lidiya ankakhulupiriradi kuti munthu akaona chinthu ndi maso, mantha amatha. Mmawa wake anasesa pabalaza, anawiritsa tiyi, n'kuika mpando wa apongozi pabwino. Magetsi kunalibe, koma batire ya sola inali yodzaza. Mayiwo analowa atavala zoyera za kumasowe, kutchire komwe ankapemphera ndi mpingo wa mapositori, ndipo tiyiyo sanamukhudze.

Pakanema panatuluka chigulu cha amuna ameneja atazungulira bwalo, atavala nsalu zamaluwa kutsogolo kokha, matako ali pamtunda. Anaomba m'manja kamodzi, anakweza manja, n'kutuluka mwakachetechete. Kenaka kunabwera munthu wa mkanjo wonyezimira ndi chisoti chakuda, chokupizira chili m'manja, akufuula ndi mawu okoka ngati wolira maliro. Ng'oma inkamveka chapatali.

"Mwari wangu," anatero apongozi. "Uyo ndiye n'anga wawo."

"Ndi woimbira masewera, amai. Ngati wa mpira."

"Wa mpira amanyamula mpeni m'chiuno? Tatenda, ona m'chiuno mwakemo!"

Tatenda anasendera pafupi. Kampeniko kanalipodi. Lidiya anali asanakaonepo n'kale lonse.

Ndiye inakwana nthawi ya Mabandeji. Anatapa mchere wodzaza dzanja n'kuuponya m'mwamba, anthu n'kukuwa. A Lameki anaiwala kuti pali alendo. Anadzikankha pasofa, anaimirira, anadziwomba ntchafu. Amuna awiriwo atagundana mitu, iwo anaponda pansi ndi mwendo wodwalawo, makapu n'kulira patebulo.

"Mugwire! Mugwire lamba, mnyamata!"

Malovu ankatsika mbali yopuwala ya pakamwa. Mabandeji anakankhidwa mpaka m'mphepete, anapotoloka, mnzakeyo n'kugwa chafufumimba. A Lameki anaseka, kuseka kwaphokoso kosalongosoka komwe matenda anawasiyira.

Apongozi anali ataima kale pachitseko.

"Mwaona? Zamugwira. Zigure za kwawo zinamuchepera, wakatenga za ku China."

"Japan, amai," anatero Tatenda chapansipansi.

"Khala chete iwe! Madzibaba, mneneri wathu wa kumasowe, anandiuza kale kuti m'nyumba mwanga muli nkhalamba yovina ndi anthu amaliseche. Ndinkati ndi fanizo. Mverani: nyumba iyi anandisiyira ndi malemu mwamuna wanga. Mkuluyu apite kumasowe, akametedwe mpala, akaulule pamaso pa anthu. Apo ayi, atuluke."

Lidiya anawamasulira bambo ake mawuwo. A Lameki anapukuta pakamwa ndi dzanja labwinolo. Anayang'ana mayiwo.

"Auze," anatero. "Ine... ndine mkulu wa mpingo. Ndiulule chiyani? Mwendo?"

Masana amenewo Tatenda anapeza njira yake ya pakati. Anakwera padenga n'kumasula dishi ya TV. Mchere unasamukira kuchipinda kwa apongozi, kuti wophika azikapempha. Kuseri kwa nyumba a Lameki asapondekonso. Akatero, za kumasowe zisiyidwe.

"Kwa eni kulibe mkuwe," Lidiya anawauza bambo ake, akuwakonzera pilo. "Tapirirani, baba. Muziyenda m'nyumba muno. Zikazizira tidzakambanso."

A Lameki anatembenuzira maso kudenga. Ankamvetsera phazi la mkamwini wawo likuguguda pamalata.

Mmawa uliwonse nthawi ija ikakwana, ankakhala pasofa kuyang'ana galasi lakuda la TV. Masiku oyamba ankafunsa, "Wapambana?" Lidiya ankati sakudziwa. Tsiku lina anafufuza pafoni n'kuwanong'oneza kuti Mabandeji wagonja kawiri motsatizana, koma akadalimbanabe. Apongozi anamva dzinalo ali m'khonde.

"Ndati zimenezo m'nyumba mwanga ayi, kaya n'za pakhoma kaya n'za m'thumba."

Kenaka a Lameki analeka kufunsa. M'nyumba munali mopanikiza, masofa ndi makabati mbali zonse, ndipo akati ayese kukweza mwendo, chitseko cha apongozi chinkatseguka. Ndodo inayamba kugona pansi pa sofa. Lidiya akawagwira kuti aimirire, ankalemera ngati thumba lonyowa.

Mvula yoyamba itagwa, kunja kunazizira ndipo nkhuku zinaleka kufa. Apongozi anaimba nyimbo za kumasowe tsiku lonse akusesa khola.

Lachisanu lina Lidiya pobwera kumsika komwe ankagulitsa zovala za kaunjika, anapeza azimayi a mumsewu mwawo atadzaza pageti. Anadutsa pakati pawo. Bambo ake anali pansi pakhomo pa chimbudzi, buluku litanyowa, chipumi chikutuluka magazi. Anagwa dzuwa lili pamutu. Tsopano linali litapendeka. Panalibe amene anawakhudza.

"Ine ndimugwire?" apongozi ankauza azimayiwo, manja ali m'chiuno. "Kuti zilumphire kwa ine? Taonani nokha. Tinangotseka mchere basi, mphamvu zonse phwa. Mankhwala akasowa kopita amabwerera kwa mwini wake."

Wina anavomereza m'Chishona kuti n'zoona, "Ichokwadi." Wina anaseka n'kutseka pakamwa.

Lidiya anagwada. Anavula chitenje n'kuwafunditsa bambo ake m'chiuno. Anawakweza yekha, mutu wawo uli paphewa pake, n'kuwakokera m'bafa. Akuwasambitsa ndi madzi otsala m'ndowa, iwo anayang'ana kumbali.

"Pepa, mwanawe," anatero.

Mawu amenewo ndiwo anamupweteka kuposa onse a pageti.

Tatenda anamupeza akupinda zovala pabedi, zake mulu uwu, za bambo ake mulu uwo.

"Ndamva zimene zachitika," anatero. "Amai analakwitsa kusawadzutsa. Ndilankhula nawo."

"Mukalankhula nawo, dishi ibwerera padenga?"

"Mai Mazvita, usayambe."

"Abwerera kuseri kukaponda mwendo wawo?"

"Ukudziwa kuti sizingatheke. Nkhuku zaleka kufa. Ine sindikhulupirira zimenezo, koma ndiwauza chiyani amai? Kuti n'chifukwa cha mvula?"

"Eya. Muwauze zomwezo."

"Sangamve."

"Akayenda, ndi mfiti. Akagwa, ndi mfitinso. Ndiye achite chiyani kuti akhale munthu m'nyumba muno? Afe?"

Tatenda anakhala m'mphepete mwa bedi. Sanali munthu woipa, ndipo Lidiya ankadziwa zimenezo. Ndiye amene anakawatenga a Lameki kuchipatala, n'kuwabereka kumsana polowa nawo m'nyumba. Anasintha chilankhulo, n'kuyankhula Chichewa chake chothyokathyoka chimene anaphunzira kwa apongozi ake a Lameki.

"Asekuru anandiphunzitsa okha. Mako ndi mako, angachepe mwendo."

"Anakuphunzitsani bwino. Wa amai anu watupa, wa bambo anga ndiye wachepa. Aliyense asamale wake."

"Ndiye ukuthetsa banja chifukwa cha anthu onenepa a pa TV?"

"Ine ndinavomera kuti mumasule dishi ija. Ndinawauza ndi pakamwa panga kuti apirire. Lero ndawatola m'mikodzo, msewu wonse ukuonerera. Sindidzawauzanso kuti apirire."

"Mupita kuti?"

"Kwa azakhali a Melina ku Mufakose. Chipinda cha kuseri chilibe munthu. Bwalo lilipo."

"Nanga Mazvita akatsekera kusukulu yogonera kuja, adzafikira kuti?"

"Njira ya ku Mufakose amaidziwa."

Mmawa wake kunabwera kagalimoto kapikapu ka mnzawo wa kumpingo. Anakweza matiresi, masutukesi, mabelo a kaunjika, TV ndi dishi yomwe. Apongozi anakhala pampando pakhonde, akusenda mtedza.

"Musaiwale kanthu," anatero. "Sindikufuna kupeza zotsala m'makona."

Tatenda anatuluka atawabereka a Lameki kumsana monga anawalowetsera, n'kuwakhazika kutsogolo pafupi ndi dalaivala. Mkuluyo anamugwira dzanja n'kulifinya. Lidiya anakwera kumbuyo, n'kukhala pa belo.

Tatenda anagwira m'mphepete mwa galimoto. Analankhula motsitsa kuti pakhonde pasamveke.

"Ubwera liti?"

"Baba akadzafika okha pageti."

"Nanga akapanda kuyendanso?"

Lidiya anamuyang'ana, kenaka anayang'ana khosi lowonda la bambo ake kupyolera pagalasi. Anagogoda padenga la galimoto.

"Tiyeni, achimwene. Koma pang'onopang'ono m'maenjemo."