Alendo Osaitanidwa M'miono

Mliri wa korona utatseka misewu ya Dubai, ntchito ya Taibu inamutsatira kuchipinda. Ankakhala ku Al Furjan, m'nyumba yosanja, pamodzi ndi Gideon wa ku Chipata, yemwe ankaperekera anthu zakudya pa njinga yamoto. Taibu anaphunzira za usodzi ku koleji, ndipo kampani imene inamulemba inkayang'anira maboti opha nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja yamchere, zija amati lobusitala, m'dziko lina lozizira la kutali. Kale pa maboti amenewa pankakwera munthu woona zimene asodzi akuvuula. Matenda atabwera munthuyo anatsitsidwa, ndipo m'malo mwake anamangirira makamera. Zithunzizo zinkafika kwa Taibu patapita masabata angapo, zopanda mawu.

Mono sufunsa dzina la wolowamo. M'miono ya asodziwo, pamodzi ndi nkhanu, munkapezeka mikunga, tishaki ting'onoting'ono, nsomba zosafunika pamsika, ndiponso nkhanu zazikazi zonyamula mazira kumimba. Lamulo linali lakuti msodzi aonetse mlendo aliyense wotere ku kamera asanamubwezere m'madzi, kuti Taibu adziwe mtundu wake, komanso ngati wabwerera wamoyo.

Ntchitoyi inkamuyenera mnyamata wamanyazi ngati iye. Ankaswali, n'kuthira tiyi, n'kukhala pansi kuyang'ana nyanja yotuwa pamene kunja dzuwa likuwotcha makoma. Asodzi ambiri ankangodutsitsa nsomba pa kamera mokakamizika, nkhope atalozetsa kwina. Koma pa boti lina panali bambo wachikulire wa ndevu zoyera, amene ankagwira nsomba ndi manja awiri, n'kuitembenuza kuti zipsepse ndi mimba zioneke bwino, kenako n'kukweza nsidze ngati akufunsa kuti, waona? Taibu ankapezeka atagwedeza mutu ali yekha m'chipinda.

"Ba Taibu, mudala wanu wabwera lelo?" Gideon ankafunsa akuvula chipewa cha njinga. "Anzanu aonera mpira, imwe mutamba nkhalamba isambika nsomba. Mumuuzeko akupezereni mkazi kwamene uko."

"Sadziwa n'komwe kuti ndilipo," Taibu ankayankha, ngakhale mumtima sankakhulupirira zimenezo.

Tsiku lina anaona bamboyo ataima pakati pa ntchito, atagwira m'mphepete mwa boti, mapewa akugwedezeka. Chinali chifuwa. Mawu kunalibe, koma chifuwa chimaoneka ndi maso. Pa zithunzi zotsatira anatsokomola kwambiri, ndipo anakhala pansi nthawi yaitali. Pa zinazo sanaonekenso.

Pamalo pake panaima mwamuna wamtali wosadziwika, amene ankafulatira kamera n'kumaponya zonse m'madzi ngati akutaya zinyalala. Taibu ankabweza chithunzi kambirimbiri, koma ankangoona msana ndi madzi akuthovoka. Chimene chinkamulemera kwambiri chinali chakuti zonsezi zinali zakale. Ngati kunachitika maliro, ndiye kuti anthu analira kale n'kubalalika iye akugwedezera mutu munthu wakufa.

Anadzilimbitsa mtima n'kuimbira Mayi Florah, omwe ankayang'anira gulu lawo.

"Mayi, pepani kukuvutitsani. Kodi n'zotheka kudziwa ngati bambo a ndevu a pa boti lija ali bwino?"

"Achimwene, inu mumadziwa nambala ya boti basi, ndipo n'dala," anatero mayiwo mofatsa. "Mukadziwana nawo mudzayamba kuwakomera mtima. Nenani zimene mwaona, khalas, zathera pomwepo."

Zimene anaona zinali zoti botilo lasiya kutsata lamulo, ndipo akanena, likanatha kuletsedwa kupita panyanja. Anaganizira za banja limene mwina linali pachisoni.

"Kambani chabe ati munaona mikunga," anatero Gideon akudya shawarma. "Ndani azakagwira mkunga kuti aufunse?"

"Koma sindinaione."

"Habibi, mnzanga, chilungamo chanu chizakudwalitsani."

Taibu anaganiza za nkhanu zazikazi zija. Sankadziwa ngati mwamuna wamtaliyo ankazibweza kapena ankaziunjika pamodzi ndi zogulitsa. Bambo a ndevu sakanafuna kuti wina aname m'dzina la boti lawo. Anatumiza zoona zokhazokha, ndipo masiku otsatira tiyi sankamukoma.

Masana ena foni inalira. Anali Mayi Florah.

"Mwini boti uja wapatsidwa chenjezo, ndiye wakana kulankhula ndi wina aliyense koma munthu amene amaonera zithunzi. Akuluakulu alola kamodzi kokha. Konzani makutu, achimwene, akulavula moto."

Taibu asanayankhe n'komwe, mawu okhuthala a mwamuna anaphulika pa foniyo m'Chingerezi chothamanga.

"Ndiwe amene wandinenera? Ine Rogers, amene ndakhala ndikukuonetsa kansomba kalikonse mpaka manja kuuma ndi chisanu? Ndagona m'chipatala mapaipi ali m'mphuno, mlamu wanga wanditengera boti kuti ana adye, munthu woyendetsa mathirakitala amene sadziwa mutu wa nsomba ndi mchira wake, iwe n'kuona kuti nthawi yabwino ndi imeneyi? Anandimeta ndevu kuchipatalako, ndevu zimene mkazi wanga analephera kundimetetsa, ndiye ndituluke ndipeze chenjezo?"

Taibu anaimirira osadziwa chifukwa chake.

"Bwana," anatero motsitsa mawu, "mwachira?"

"Ndachira, nanga ukumva ngati ndikulankhula ndili m'bokosi? Mawa ndikwera ndekha botilo, mlamuyo ndikamuphunzitsa kugwira nsomba ngati munthu. Koma usandisokoneze, sindinamalize!"

Ndipo sanamalizedi. Anadandaula za kamera, za boma, za mtengo wa nyambo, za anthu okhala m'maofesi ofunda. Taibu sanawauze kuti kuno anthu amalipira kuti chipinda chizizire. Anaika foni patebulo, n'kukweza mawu ake, n'kukhala pansi.

Gideon anasuzumira pakhomo, thaulo lili paphewa.

"Ni ndani uyo akutukwanani so?"

"Mudala uja."

"Manje museka chani?"

"Tamverani mpweyawo," ananong'ona Taibu. "Chiyambireni sanapumire."

Gideon anamvetsera pang'ono, n'kupukusa mutu, n'kupita kukasamba. Taibu anathira tiyi wina, nasendeza mpando pafupi ndi foni kuti mawu ngakhale amodzi asamudutse.