Tsamba Lachitatu Linali Loyera

Amake mapasa sukulu sanapite nayo patali, koma kuwerenga amadziwa, ndipo amawerenga ndi chala. Tsiku limenelo anakhala pa benchi m'shopu yotayipa makalata, pafupi ndi fani yomwe inkangopukusa mutu osatulutsa mphepo, n'kuyamba kutsata mzere ndi mzere. Mlamu wawo, mkulu wake wa malemu amuna awo, anaima chilili, cholembera chili m'manja chotsegula kale.

Mapepalawo anali mgwirizano. Atakangana miyezi isanu chimwalirire bambo a mapasa, abale a mwamuna anavomera kuti iwo atenge galimoto ndi makina owotcherera zitsulo, nyumba itsalire mayi ndi ana. Mlamuyo ndiye analemba zonse n'kubwera nazo pa fulashi kuti zisindikizidwe. Kunatsala kusaina basi, kenako kukadinditsa kwa loya amene amatseka folo koloko.

Tsamba loyamba linali bwino. Lachiwiri bwino. Atatembenuza lachitatu, chala chinasowa pogwira. Pepala mbee! Pansi penipeni pokha ndi pamene panali kamzere kosainapo, monga pamasamba enawo.

"Nanga ili ndi la chiyani, alamu?"

"Aa, limenelo musalilabadire. Yangolavula kompyuta. Sainani paliponse pali kamzere, tizipita."

"Ndisaine popanda mawu?"

"Pepala lopanda mawu lingakulumeni?"

Amake mapasa anayang'anitsitsa pepala loyeralo. Anali atangoona ndi maso awo mwini shopu akubwezera pepala lakale m'makina, ndipo linatuluka ndi mawu atsopano. Lero asaina poyera, mawa pamwamba pa dzina lawo pamera mawu akuti nyumba aipereka mwa kufuna kwawo. Adzawamvera ndani akadzati sanawaone? Mapasa azikagona kuti?

Anatembenukira kwa mwini shopu, mayi wamagalasi amene anakhala kuseri kwa kompyuta.

"Asisi, lichotseni ili."

Mayi wamagalasi anatsika mpaka patsambalo n'kudina batani lofufutira. Palibe. Anadinanso katatu. Tsamba lili pompo.

"Likukana," anatero.

"Mwamva nokha?" mlamu uja analumphira. "Ine ndalimbana nalo sabata yathunthu. Taonani nthawi, mlamu, loya satidikira."

Wotchi ya pakhoma inali itadutsa kale hafu pasiti fili. Kumbuyo anthu atatu odikira fotokope anayamba kung'ung'udza.

"Likukana?" Amake mapasa anaimirira. "Ine ndinatembenuza mwamuna wanga pa bedi miyezi isanu ndi iwiri, ndekha, munthu wolemera ngati thumba la simenti, ena akungotumiza moni pa foni. Lero mundiuze kuti kapepala kakukana? Loya atseke. Sindisaina."

Mayi wamagalasi anakankhira magalasi m'mwamba, n'kudina kachizindikiro kena pamwamba, konga P yoyang'ana kumbuyo. Nthawi yomweyo kalata yonse inadzaza timadontho ndi tizizindikiro tomwe poyamba sitinkaoneka. Ndipo patsamba loyera lija panatulukira kamzere ka madontho.

"Bwerani muone, amayi. Aka ndi kodulira tsamba. Kalipo kawiri, kena kumapeto kwa tsamba lachiwiri, kena apa. Koyamba kakuuza kompyuta kuti yamba tsamba latsopano, kachiwiri kakutinso yamba lina. Pakati pakepo ndiye pakutsala poyera."

"Kamabwera kokha?"

Mayi wamagalasi anayang'ana mlamu uja, n'kubwezanso maso pa kompyuta.

"Kamabwera munthu akakadina. Kaya mwangozi kaya dala, ine sindinalipo."

"Ndiye kuti mukunditcha wakuba, mlamu?" bamboyo anakweza mawu. "Ine amene ndinanyamula bokosi la mng'ono wanga?"

"Bokosi munanyamula, ndi wailesi ya kanema munanyamulanso tsiku lomwelo. Sindinakutcheni dzina lililonse. Ndati pepala lichoke."

Wina pamzere paja anaphulika kuseka n'kudzigwira pakamwa.

Mayi wamagalasi anaika kandodo kothwanima kutsogolo kwa kamzere kachiwiri kaja, n'kudina kamodzi. Tsamba lachinayi linalumphira m'mwamba. Pansi pamene panalembedwa 4 panasanduka 3.

"Tsopano mulembe patsamba lililonse kuti ili ndi loyamba mwa atatu, ili lachiwiri mwa atatu," anatero amake mapasa. "Pasadzabadwe lina panjira. Mutulutse makope awiri, anga ndi awo."

Makina analira. Mapepala anatuluka otentha, ndipo iwo anakhalanso pa benchi n'kuyambiranso poyamba, chala pamzere, milomo ikugwedera. Mlamu uja ankangoyenda kuchoka pakhomo kufika pa kauntala, kubwereranso pakhomo. Patsamba lomaliza mawu anathera pakati, kumunsi kunatsala koyera. Amake mapasa anabwereka rula n'kukhwatcha mizere iwiri yopingasa, kuchokera pa mawu omaliza mpaka pa kamzere kosainapo.

"Yambani ndinu. Ndinu aakulu."

Bamboyo anayang'ana mapepalawo nthawi yaitali.

"Abale enawo sanaone limeneli. Mwina ndiyambe ndawaimbira."

"Mawu ndi omwe aja munalemba nokha. Chachoka n'chopanda kanthu. Kapena chinali ndi kanthu, alamu?"

Ngakhale odikira fotokope anasiya kung'ung'udza, maso onse ali pa dzanja la bamboyo. Mlamu uja anawerama pa kauntala. Anasaina mokanikiza mpaka cholembera chinaboola pepala pamalo amodzi.

Amake mapasa anasaina pambuyo, chilembo chimodzichimodzi, osathamanga. Mlamu atatambasula dzanja kuti atenge mapepalawo, iwo anawapinda n'kuwalowetsa m'chikwama, chikwamacho n'kuchipanira m'khwapa.

"Kwa loya ndinyamula ine. Kwatsala mphindi khumi. Tsogolani, ndizikuonani."