Wogwira Nsonga Ina ya Nsalu

Pa tsiku la makumi anayi chibadwire mwana wake, Herlinda anakhala m'mphepete mwa bedi akufinyira bere m'kabotolo ka ku chipatala. Chimene chinatuluka sichinaphimbe n'komwe pansi pa kabotoloko. Anayesa bere linalo. Panagwa timadontho tingapo, kenaka basi.

Mwanayo, Dominga, anabadwa mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha, ndipo anali adakali m'kabokosi kagalasi ku chipatala cha kumunsi, mumzinda wa Oaxaca. Sankatha kuyamwa. Ankamudyetsa ndi kachubu kolowera m'mphuno. Kawiri konse anamuyesa mkaka wa m'chitini, kawiri konse kamimba kake kanatupa n'kuuma, mpaka adokotala ananena poyera kuti mwana ameneyu akufunika mkaka wa mayi ake. Choncho tsiku lililonse Herlinda ankatsika phiri pa basi ndi timabotolo m'kachikwama ka ayezi. Masabata oyamba ankapita nato tinayi. Kenaka tiwiri. Sabata ino anamwino ankalandira kamodzi kosadzaza, n'kuthokoza ndi mawu ofatsa kwambiri moti Herlinda ankaona kuti bola akanangomukalipira.

Anamva wina akukwera masitepe a panja, akupuma mwawefuwefu. Anali Mayi Crescencia, mtolo waukulu uli kumsana.

"Mwanawe, amene anakupezerani chipinda pamwamba pano ali nane chifukwa," anatero mayiwo akutula mtolo. "Ndipatse mpando ndisanafere pakhomo pako."

Mayi Crescencia sanali mzamba. Iwo eni ankati sagwira mwana, amagwira mayi. Anamwino achitsikana ankawatchula kuti doula, iwo n'kumaseka kuti akalamba nayo ntchito asakudziwa kuti ili ndi dzina. Herlinda ndi mwamuna wake Filemón anali atachoka kumudzi kwawo kumapiri zaka zitatu zapitazo, ndipo mumzinda analibe mayi kapena mchemwali. Kuyambira mwezi wachinayi, Mayi Crescencia ndiwo ankabwera kudzamusisita msana, kumuperekeza ku sikelo, kumufunsira kwa adokotala zimene iye ankachita manyazi kufunsa. Lamulungu lija magazi atayamba mwadzidzidzi, iwo ndiwo anaima pakhomo la chipinda cha opaleshoni atagwira nsapato za Herlinda. Atatsitsimuka, nkhope yoyamba imene anaona inali yawo. Anamunyowetsa milomo ndi kansalu, n'kumuluka tsitsi asanamulole wina aliyense kumuona.

"Lero chikuta chatha," anatero mayiwo atapuma. "Ndabwera kudzakutseka thupi."

Herlinda anabisa kabotolo kuseri kwa pilo. "Musavutike, amayi."

"Ndavutika kale. Masitepe aja sindikwera kawiri."

"Amatseka amene anabereka," anatero Herlinda akuyang'ana pansi. "Ine sindinabereke. Anandigoneka, anandicheka, pomwe ndimadzuka mwana ali kale m'galasi. Mutsekanji?"

Mayi Crescencia sanamutsutse. Anadzuka n'kutereka mphika waukulu wa madzi, anathiramo masamba onunkhira ndi makoko a malalanje ochokera mumtolo muja. Anatsuka makapu awiri amene anagona osatsuka. Anatsegula zenera. Kenaka anayamba kuyala mphasa pansi, ndipo pamwamba pake anayala ma rebozo asanu ndi awiri mopingasa, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nsalu zazitali zoluka pamanja, zina zitasuluka chifukwa chochapidwa kambirimbiri.

"Miyezi isanu ndi iwiri mafupa ako akhala akutseguka pang'onopang'ono kuti apereke njira," anatero ali chogwada, akuwongola nsalu. "Mwana anatulukira kwina, koma palibe anapita kukawauza. Akudikirabe. Tingowauza kuti ntchito inatha."

Herlinda sanakanenso. Madzi atafunda, anapita kuseri kwa katani. Mayi Crescencia anamuthira madzi ndi chikho, kuyambira paliwombo, pang'onopang'ono. Atafika pa chipsera cha pamimba, chimene Herlinda ankasamba osachiyang'ana, anaikapo chikhatho chawo chonse, milomo yokha ikugwedezeka.

Panali vuto limodzi. Rebozo amakoka anthu awiri, wina mbali iyi wina mbali iyo, ndipo Mayi Otilia, amene ankathandizana nawo nthawi zonse, anali atabinya phazi dzulo lake. Mayi Crescencia anali akuganiza zokagogoda kwa aneba pamene Filemón analowa, atanyamula tortilla zotentha, zitumbuwa zopyapyala za chimanga, m'kansalu ndi msuzi wa nkhuku m'kabekete.

Filemón ankagwira ntchito yomanga katundu pa magalimoto ku msika waukulu. Anali munthu wa mawu ochepa kuyambira kale, koma masiku makumi anayi amenewa iye ndi mkazi wake ankangokamba za nthawi ya basi ndi zimene adokotala anena. Iye ankagona pansi poopa kumugunda mkazi wake pa bala. Masana aliwonse ankakwera phiri kudzasiya chakudya, n'kutsikanso asanakhale pansi. Herlinda ankaona zonsezi, koma sankadziwa ngati ndi chifundo kapena kuti mwamunayo sakufunanso kumuyang'ana.

"Mwafika bwino, a Filemón," anatero Mayi Crescencia. "Sambani m'manja. Ndi sopo, osati mmene mumachitira muja."

Filemón anayang'ana nsalu zili pansi, n'kuyang'ana kukhomo. "Izi si za amayi okhaokha?"

"Mmene munkayambitsa nkhaniyi munaitana amayi okhaokha?"

Mwamunayo anakanda m'mutu, n'kupita ku beseni.

Herlinda anagona chagada pa nsalu zija atavala diresi lopepuka. Mayi Crescencia anagwada kudzanja lake lamanja, Filemón kulamanzere. Anapingasa nsonga za rebozo woyamba pamphumi pake, n'kupatsana.

"Mfundo yake timanga yotani?" anafunsa Filemón.

"Palibe mfundo. Si matumba a anyezi awa. Mukoke, mugwire pomwepo, muzipuma naye limodzi. Ndikati siyani, musiye pang'onopang'ono."

Filemón anakoka ngati akuopa kuswa dzira.

"Mukumupukuta thukuta kapena? Kokani, bambo inu. Mkazi wanu ndi wolimba kuposa galimoto ya abwana anu."

Nsalu inakungika. Inaphimba maso a Herlinda, ndipo phokoso limene lakhala likulira m'mutu mwake masabata onsewa, la timakina ta ku chipinda cha ana, linakhala ngati lapita kutali. Awiriwo anagwira choncho nthawi yaitali. Atasiya, anamusiya chiphimbire kumaso, n'kutsikira pamapewa. Pachifuwa anakoka mofatsa. Pamimba Mayi Crescencia anangokuta nsalu, dzanja lawo likutchinga chipsera.

Ali mumdima muja, Herlinda anazindikira kuti akutha kusiyanitsa manja awiriwo kudzera m'nsalu. Kumanja kukoka kunali kokhazikika ngati khoma. Kumanzere kunali kwamphamvu, koma kunkamvera. Iye akapuma mokoka, dzanjalo linkamupatsa mpata. Akatulutsa mpweya, linkabwezeretsa. Zaka zisanu ali m'banja sankadziwa kuti manja okakala aja amadziwa kumvera chotero.

Anafika m'chiuno. Apa Mayi Crescencia anaponda phazi pansi n'kutsamira kumbuyo ndi thupi lonse, Filemón anachitanso chimodzimodzi. Panapita kanthawi.

"Amayi," anatero Filemón motsitsa mawu, "sakulola. Waumitsa mbali yanga ino."

"Mwadziwa bwanji?"

"Chingwe chimanena. Katundu akakana chonchi ndiye kuti pali chimene chapinga m'kati. Ukakakamiza umaphwanya."

"Ndiye ku msika mumatani?"

"Timayang'ana chapingacho."

"Uyu ali ndi pakamwa. Mufunseni."

Filemón anawerama pafupi ndi mkazi wake. Sanasiye nsalu. "Linda," anatero, "chikukupweteka n'chiyani?"

Herlinda anafuna kunena kuti palibe. Koma maso ake anali ophimbidwa, ndipo panalibe nkhope ya munthu yoti aichitire manyazi.

"Sindinamumve," anatero. "Mwana aliyense amalira pobadwa, mayi ake n'kumva. Ine ndinali m'tulo. Ndimakaima pa galasi paja ngati mlendo. Sindikudziwa n'komwe ngati analira, kapena anafika m'dziko muno ali zii, palibe womulandira."

Mayi Crescencia nawonso sankadziwa, chifukwa tsiku lija iwo anatsala pakhomo podikira mayi, mwana anamutulutsira khomo lina.

"Analira," anatero Filemón.

Herlinda anatembenuzira mutu kumene kunkachokera mawu a mwamuna wake.

"Ndinali pakhonde la kuseri, anandithamangitsira kumeneko. Anamwino anadutsa naye akuthamanga, atamukuta m'chinsalu chobiriwira. Ndinangoona kaphazi, kotalika ngati chala changa ichi. Atafika pamene ndinaima, analira. Kawiri. Timawu take ngati kamwana ka mphaka. Ndiye ine ndinati, ndili pano, mayi ako akubwera. Sindikudziwa chifukwa chake ndinatero. Anamwino anandiyang'ana ngati wamisala."

"Simunandiuze."

"Ndinkayesa kuti wina anakuuza. Komanso ndinkaopa kuti ndikayamba kukamba za tsiku limenelo sinditha kuleka."

Herlinda analira. Sikunali kulira kokweza, kunachokera pansi penipeni pa mimba n'kumagwedeza thupi lonse. Mayi Crescencia sanamutonthoze. Anangoyang'ana Filemón n'kugwedeza mutu, ndipo onse awiri anatsamira kumbuyo pamodzi. Nsalu inalowa. Herlinda anamva mafupa a m'chiuno mwake akuyandikana n'kukhala m'malo mwake, ngati chitseko chimene chakhala chikulendewera nyengo yonse ya mvula chikalowa m'mphuthu mwake. Sanamve kupweteka. Anangomva kuti thupi lake lili ndi malire, kuti iye akuyambira apa n'kuthera apa.

Kenaka m'mawere munayamba kunyerenyesa, ngati tisingano tambirimbiri, n'kutentha.

Woyamba kuona anali Filemón. Pa rebozo wa pachifuwa, wotuwa uja, panaoneka madontho awiri akuda, akukula, mpaka anakumana pakati.

"Amayi, taonani." Mawu ake anali onong'ona. "Kabotolo kali kuti? Ukutayika."

"Gwirani nsalu," anatero Mayi Crescencia, nawonso monong'ona. "Sukuthawa. Kwatsala mawondo ndi mapazi. Munthu sitimusiya theka."

Anamaliza mawondo. Anamaliza mapazi. Anamufunditsa bulangete n'kumusiya ali chikulungire kuyambira kumutu, ndipo awiriwo anakhala pansi mbali ndi mbali. Kunja wogulitsa gasi anadutsa akuliza belu lake, mawu ake n'kuzimiririka kumunsi. Fungo la makoko a malalanje linali lidakali m'chipinda. Mayi Crescencia anali ataona zimenezi kangapo pa zaka zawo zonse, ndipo kambiri sizinachitike, koma nkhope yawo inali ngati ya munthu amene akuziona koyamba. Anadzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Ambuye, mwaona nokha," anatero, ndipo pemphero lawo linathera pomwepo.

Anamumasula kuyambira kumapazi. Nsalu ya kumaso itachoka, Herlinda anapeza mwamuna wake akumuyang'ana, maso ali ofiira, zikhatho zili ndi mizere ya ulusi. Anamuthandiza kukhala tsonga. Mayi Crescencia anatulutsa kabotolo kuseri kwa pilo ngati kuti ndi pamalo pake penipeni, anakatsuka ndi madzi owira, n'kumupatsa. Kanadzaza. Kachiwiri kanafika pakati n'kupitirira.

"Usanyade," anatero mayiwo akupinda nsalu zawo. "Mawa ukhoza kuchepanso. Uzifinya pafupipafupi ngakhale patuluke dontho limodzi, ndipo msuzi uwo umwe wonse ndikuona. Inu a Filemón, pansi mwagonapo mokwanira. Bala linapola, simuliphwanya."

Filemón anayang'ana padenga. Herlinda anaseka pang'ono, koyamba chibadwire mwana, ndipo anamwa msuzi mpaka kupendeketsa kabekete.

Masana omwewo anatsika phiri onse atatu pa basi. Mayi Crescencia anatsikira pa msika, atakana kuti awanyamulire mtolo. Filemón sanabwerere ku ntchito. Anakhala m'basi kachikwama ka ayezi kali pamiyendo, akukatchinjiriza ndi mikono nthawi zonse basi ikakhota.

Ku chipinda cha ana amalola kholo limodzi pa nthawi, choncho Filemón anatsala kuseri kwa zenera, chipewa chili m'manja. Anamwino anafunditsa mkaka, anaukoka m'sirinji, n'kulumikiza ku kachubu. Herlinda analowetsa dzanja pa kabowo ka m'mbali mwa bokosi n'kuliika pamsana pa Dominga. Chikhatho chake chinakuta msana wonse. Anayang'ana kamzere koyera kakuyenda m'kachubu, pang'onopang'ono, kakukhota pa tsaya, mpaka kanalowa.

Anawerama pafupi ndi kabowo n'kuyamba kumulankhula m'chinenero cha kwawo kumapiri, chimene anali asanachilankhulepo m'chipatala muno. Anamuuza dzina la mudzi wawo, ndi mayina a agogo ake, ndi kuti bambo amene waima pazenera apoyo ndi amene anamuyankha tsiku lija.

Anamwino atabwera kudzanena kuti nthawi yatha, anakhudza kamimba ka mwanayo ndi zala ziwiri n'kupeza kali kofewa. Anayang'ana mayi, anayang'ana wotchi, n'kupita kaye kukaona mwana wa pabokosi lina.