Mgwafa wa Wedad

Munda umene ndimalima si wa makolo anga. Ndi wa mkazi wanga, malemu Wedad, gawo limene analandira bambo ake atamwalira. Mlongo wake, Shehata, anatenga chigawo chachikulu chakumunsi, Wedad n'kupatsidwa kachigawo kakumtunda, kogundana ndi ngalande. Pakati pa minda iwiriyi pali mzere wa dothi woti munthu n'kuyendapo, ndipo kwathu kuno mzerewo ndiwo malire. Chaka chogawanacho Wedad anabzala mgwafa m'munda mwake, mapazi angapo kuchoka pamzere. Ine nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa m'tauni ya Desouk, ndipo za mundawo ndinkangozimva pa chakudya chamadzulo.

Wedad anamwalira ndi matenda a chiwindi. Madokotala anati chinayambitsa ndi likodzo la paubwana, la m'ngalande zomwezi. Nditapuma pantchito ndinayamba kulima ndekha, mpunga nyengo yotentha, msipu wa njati yoweta nyengo yozizira.

Nkhanu zofiira zamchira zinatipeza ndili kale kumunda. Si zakuno. Ena amati munthu wina anaziitanitsa kunja kuti aziziweta, zitamukanika n'kuzikhuthulira mumtsinje. Anthu anazitcha mphemvu za m'madzi. Zimalowa ndi madzi a m'ngalande, ndipo munda woyamba kuzilandira ndi wanga. Zikalowa zimakumba una m'mzere, wakuya kuposa mkono wa munthu, mpaka kutulukira mbali inayo. Ndinkathira madzi pa tsiku limene ndinapatsidwa, mpunga n'kumira bwino, koma pofika mawa lake munda uli matope okhaokha, madzi onse ali kumunsi.

M'mawa wina ndinamupeza Shehata ataimirira pamzere, atakwinya mkanjo wake m'chiuno.

"Alamu, madzi anga ali kwanu," ndinatero.

"Ndawaona, Aphunzitsi. Afika bwino. Ndiwauze kuti mukuwafuna?"

"Mafuta a pampu ndinagula ndine."

"Ndiye kawuzeni anzanu ofiirawo akubwezereni. Ine sindinakumbe una. Onani zikhadabo zangazi."

Tinaseka tonse, chifukwa ndi mmene tinkayankhulirana Wedad ali moyo. Koma iye anaseka nthawi yaitali kuposa ine.

Lamulo la mzere aliyense amalidziwa. Amene madzi ake akuthawa ndiye amamata, ndipo amamata ataima m'munda mwake, ndi dothi la m'munda mwake, pakuti khasu la munthu sililowa m'mbewu za mnzake. Mzere wobooka umagumukira kumene madzi akutulukira, kutanthauza kwa Shehata. Iye ankabwera ndi khasu n'kusalaza dothi logwalo, amvekere, "Ndilisiye likwirire mbande zanga?" Ine ndinkaunjika dothi latsopano mbali yanga kuti mzere ubwerere kukula kwake. Chikhatho chimodzi lero, china mwezi wamawa. Palibe amene anaba kanthu. Mzere unkangoyenda, kubwera kwa ine.

Ndinazindikira bwino tsiku limene ndinakhala pamzere kuti ndipume, msana wanga n'kutsamira thunthu la mgwafa. Kale munthu ankatsika pamzere n'kuyenda pang'ono kuti aufike.

Nthawi yomweyo kunayamba kubwera amalonda ndi galimoto ya madzi oundana, kugula nkhanuzo kuti akazitumize kunja. Shehata anatchera miono m'mbali monse mwa munda wake, n'kumaikamo matumbo a nkhuku. Enanso akumunsi anatengera pomwepo. Dzina la mphemvu linazimiririka. Anayamba kuzitchula istakoza, dzina la nkhanu zodula za m'nyanja, monga zimalembedwera m'malo odyera a ku Alexandria. Ine ndekha ndinkati mphemvu, ndipo anthu ankandiyang'ana ngati ndanyoza mlendo wawo.

Nyengo ya mpunga yotsatira, nditamata malo ena aakulu amene anagumuka, ndinaweramuka n'kupeza kuti mgwafa uli kuseri kwa mzere, mizu yake ili m'madzi a Shehata.

Ndinapita kwa a Haji Metwalli, amene amagawa masiku a madzi pa ngalande yathu. Iwo anaitana eni minda Lachisanu titachoka kumzikiti. Tinakhala pamphasa pabwalo lawo, tiyi n'kuzungulira. Ndinafotokoza mwachidule, monga ndinkafotokozera m'kalasi. Ndinapempha zinthu ziwiri: kuti tithire mankhwala m'ngalande nkhanuzo zithe, ndi kuti mzere ubwerere pamene unali.

"Mankhwala?" anatero Shehata. "Aphunzitsi akufuna kupha chakudya cha ana anga chifukwa cha magwafa. Ndipo magwafa ake ndi ambozi."

Anthu anaseka.

"Njati zathu zimamwa momwemo, Aphunzitsi," anatero a Haji, akupukuta magalasi awo. "Zamankhwalazo tizisiye. Nanga mzerewu, anausuntha ndani?"

"Nkhanu."

"Anaunjika dothi ndani?"

"Ine."

"Shehata analowapo m'munda mwanu ndi khasu?"

"Ayi."

"Ndiye mwandipatsa mlandu wovuta, mwana wa m'bale wanga. Wolakwa ali m'una, sangabwere pamphasa pano."

Ndinati onse amene anali pamenepo amakumbukira kuti mtengowo unali mbali ya Wedad. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi. Wina anati iye mitengo saiyang'ana, amayang'ana madzi. Wina anauzira tiyi wake amene anali atazizira kale. Onsewo anali ndi miono.

Apo Shehata anasiya nthabwala. Anaika kapu pansi.

"Alamu, mumazida nyamazi, koma tandiuzani. Ndi liti munaona nkhono zofalitsa likodzo m'ngalande muno? Zinatha. Zadyedwa ndi mphemvu zanuzo. Adzukulu anga amasamba momwe tinkasamba ine ndi Wedad, ndipo palibe amene akukodza magazi. Zikanabwera tili ana, bwenzi mlongo wanga ali pano akutithirira tiyi. Inu munamudziwa ali wamkulu. Ine ndinkamunyamula kumsana powoloka ngalande imeneyi."

Sindikudziwa ngati zankhonozo n'zoona ndendende, ngakhale ndinazimvapo kwa anthu ena. Ndikudziwa kuti anazinena akukhulupirira, ndiponso kuti anadziwa nthawi yozinenera. Dzina la mkazi wanga sindilitchula pa mkangano wa dothi.

A Haji anatsokomola n'kunena zimene aliyense ankayembekezera. Malire ndi mzere, kuyambira nthawi ya makolo. Akayamba kubweza mizere potengera zimene anthu akukumbukira, mudzi wonse ukhala pamphasa mpaka chaka chamawa. Ngati ndikufuna, ndikhoza kukaitana oyeza malo a boma. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo ndinamva zimene sananene: mkamwini wotengera mlongo wa mkazi wake kuboma, pa munda umene anaupeza pa ukwati, maliro ake amanyamulidwa ndi anthu ochepa.

"Koma kuti madzi asathawenso," anapitiriza a Haji, "mangani khoma la njerwa ndi simenti. Nkhanu siboola simenti."

"Amenewo ndiye mawu," anatero Shehata. "Ine ndithandiza mchenga, ngolo ndili nayo. Timange pamene mzere uli."

"Pamene uli lero," ndinatero.

"Nanga pena pati, alamu? Kumene mukunenako kuli mpunga wanga."

Ndinapempha kuti ndikaganize. Ndinaganiza mpaka titakolola. Nkhaniyo inali yosavuta, mwana wa sukulu akanaimvetsa. Ndikasiya mzere wadothi, upitiriza kuyenda, ndipo mwana wathu wamkazi, amene ali ku Mansoura, adzalandira munda wa mayi ake utachepa ngati nsalu yochapidwa m'madzi otentha. Ndikamanga khoma, ndiye kuti ndavomera ndi manja anga kuti mtengo uli kwa Shehata, ndipo simenti sibwerera m'mbuyo.

Ndinamanga. Shehata anabweretsadi mchenga, ndipo anakana kuti ndimulipire. Anaima pamthunzi wa mgwafa akulangiza mmisiri kuti chingwe chiwongoke. Kuti maziko akhale bwino, mmisiriyo anadula mizu iwiri imene inali italowa mbali yanga.

Madzi tsopano amakhala. Mpunga wa chaka chino ndi wabwino kuposa wa zaka zonse zimene ndalima. Nkhanu zikadalipo, zimayenda m'mbali mwa khoma kufunafuna pofewa, ndipo ndikazipeza ndimaziponda ndi chidendene. Akumunsi amati ndikuwononga chuma.

Magwafa atapsa, Shehata anabwera yekha kunyumba madzulo dzuwa lisanalowe, atanyamula dengu lophimba ndi masamba. Analiika pakhomo.

"A mumtengo wathu uja," anatero. "Chaka chino abereka kwambiri, ndipo alibe mbozi. Ndinati Aphunzitsi alaweko, asamati alamu awo ndi oumira."

"Mulungu akuonjezereni," ndinatero, chifukwa ndi mmene timayankhira.

"Dengulo mudzanditumizire. Ndi la miono."

Ndinamuperekeza mpaka pamsewu. Nditabwerera ndinakhuthula magwafawo patebulo n'kutsuka dengu, pakuti linkanunkha matumbo a nkhuku. Fungo la magwafa linadzaza nyumba yonse, monga linkachitira kale nyengo ngati ino. Ndinatsegula mawindo. M'mawa mwake magwafa onsewo ndinapatsa njati yanga, ndipo inadya.