Pasiwedi Ili Kumaliro ku Nkaya

Fadila Usumani ankagwira ntchito pa kampani yaing'ono ya makompyuta ku Balaka. Lachisanu limenelo linali tsiku lomaliza loti alimi a kopaletivi ina ya ku Machinga alembetse mbewu pa intaneti, ndipo pofika teni koloko m'mawa webusaiti inali itayamba kukwawa.

Vuto analiona msanga. Linali pa seva yapakhomo, kompyuta imene imalandira aliyense wolowa pa webusaiti n'kumugawira ku maseva ena akumbuyo. Uthenga wa alimi umabwera wokhomedwa ndi makiyi achinsinsi, ndipo kuutsekula ndi chintchito cholemetsa. Purosesa, ubongo wa sevayo, inali ndi zigawo zisanu ndi zitatu, koma katundu yenseyo ankasenzedwa ndi chigawo chimodzi. Zinazo zinangoti phee.

Kakonzedwe kake ankakadziwa: kusintha mizere itatu ya malamulo a sevayo kuti zigawo zonse zigawane ntchito, kenako kuzimitsa seva n'kuyatsanso. Koma pasiwedi ankaidziwa ndi bwana wake okha, a Blasius, amene anali kumaliro a mlongo wawo kuseri kwa Nkaya. Foni yawo sinkapezeka.

Saida, mlembi wa kopaletivi, anaimbanso ali ku Machinga Boma.

"Achemwali, mzere wafika pamsewu. Ena abwera wapansi kuchokera kumapiri. Ndiwauze chiyani?"

"Auzeni adikire pang'ono."

"Mwatero kale katatu."

Fadila anayesa mapasiwedi awiri ongolota. Akanalakwitsa kachitatu seva ikanamutsekera kunja, ndiye anasiya. Analemba kakalata n'kutuma bambo wa kabaza wa njinga yamoto kuti akapereke kwa a Blasius ku Nkaya. Kenako panalibenso chochita koma kuyang'ana sikirini, foni ikungolira patebulo.

Wa kabaza uja anabwerako cha m'ma fili koloko, matope mpaka m'mawondo.

"Ndawapeza ali kumanda, mayi. Munthu akukwirira m'bale wake ungamukoke bwanji? Kalata ndasiyira akazi awo."

A Blasius anaimba ili hafu folo, atakwera pachulu kusaka netiweki, mawu ali osasa ndi kulira. Anatchula pasiwedi chilembo chimodzichimodzi. Fadila analowa n'kusintha mizere ija, ndipo sipanathe mphindi ziwiri, zigawo zonse zinadzuka, webusaiti n'kuyamba kuthamanga.

Fadila anaimbira Saida. "Zatheka, yambani!"

"Ndiyambe ndi ndani, achemwali? Mvula yawabalalitsa. Pakhonde pano patsala amayi anayi."



"Alembeni anayiwo," anatero Fadila chapansipansi.