Sabata Yanga Inathera ku Hotela

Mitala ilibe malamulo ambiri. Lalikulu ndi limodzi: sabata ya mnzako usaikhudze. Ine Anesi, Naphiri wa kwa Kabudula, lamuloli ndinalisunga chiyambire pomwe amuna anga a Adamson anakwatira Jenifer, mtsikana wa ku Nsaru amene makolo ake anachokera ku Mulanje kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya. Ikakhala sabata yake, kaya denga lidonthe, kaya mbuzi ilowe m'munda mwa eni, sindinkatumiza uthenga. Ndinkangoluma mano n'kudikira Lamulungu. Koma ikafika yanga, ndinkafuna ikhale yanga yathunthu, yosabenthula.

Chaka chimenecho fodya anachita bwino. Munda ndi wakwathu, poti a Adamson ndi akamwini m'mudzi muno. Kuwokera ndinali ine, kuthyola ine, kusoka ine, mpaka zala kuda bii ndi utomoni. Nanga Jenifer? Ankabwera kuchigafa atavala bulauzi yoyera, n'kuima pakhomo, ati fungo la fodya limamupweteketsa mutu. Mutu umenewo sunkapweteka ndalama ya fodya ikatuluka.

Mabelo oyamba atagulidwa ku Kanengo, a Adamson anabwera akumwetulira okhaokha, n'kukhala pakhonde foni ili m'manja.

"Amake Nancy, tabwerani mudzaone kuno."

Ndinapukuta manja n'kusuzumira. Munali zithunzi za hotela ina yatsopano kufupi ndi Njewa. Bedi lake lalikulu loti banja lonse n'kukwanapo, nsalu zoyera mbee, panja dziwe la madzi obiriwira. Anandifotokozera kuti pali kampani ina ya pa foni imene imagulitsa zipinda za m'mahotela pa theka la mtengo, bola ulipiriretu.

"Ndalipira kale zonse," anatero akudzigunda pachifuwa. "Anthu awiri. Kulowa Lachinayi likudzali, kutuluka Loweruka. Munthu uzidyako thukuta lako usanafe."

Mtima wanga unadumpha. Lachinayi likudzalo linali m'sabata yanga. Ndinayamba kale kuganiza za chitenje choti ndivale, ndi munthu woti ndimusiyire nkhuku. Ine amene chibadwire sindinagonepo m'nyumba yoyatsa magetsi! Kenako a Adamson anatsokomola kachifuwa kaja amatsokomola akafuna kunena zopusa.

"Kungoti kumeneko amalankhula Chingerezi, kudya kwake n'kwa mafoloko. Ndiye ndati mwina ndipite ndi Jenifer, poti iye uja anafikako Fomu 2."

"Kodi sabata imeneyo ndi ya ndani?"

"Ndi yanu, sindikukana. Koma zotsika mtengozi masiku ake sasintha. Ukasintha, ndalama yapita."

"Ndiye sinthani munthuyo, masikuwo akhale omwewo."

Anaseka ngati ndanena nthabwala, n'kundilonjeza nsapato. Nsapato! Nsanje inandigwira, sindibisa ayi.

Lachinayi m'mawa anavala jekete yatsopano n'kukwera njinga yamoto kukamutenga mnzangayo. Tsiku lomwelo lisanathe, mng'ono wanga Ezeliya anabwera akuthamanga ndi foni yake. Jenifer anali atayamba kale kuonetsa dziko lonse. Apa wagona chagada pabedi lija, tsitsi latsopano lofika m'chiuno. Apa wavala chimkanjo choyera cha hotela, botolo m'manja. Apa wamiza mapazi m'dziwe.

"Achemwali," anatero Ezeliya, "fodya wanu uja akusambira."

Ndinamuthamangitsa ndi chipande. Koma atapita ndinakamuitananso kuti ndione bwino zithunzizo. Ndinazionera mpaka maso kuwawa, ndikufunafuna poti ndinyoze, koma mwana wa eni anali atakongoladi. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti m'chithunzi china a Adamson ankaseka mano onse pamtunda, kuseka kumene ine ndinali nditakuiwala.

Loweruka m'mawa ndikusenda mtedza, foni inalira. Anali iwo, mawu ali pansipansi ngati munthu wolankhula pamaliro.

"Amake Nancy, kuno zavuta. Akutikaniza kutuluka."

"Chifukwa?"

"Ati pali zina zoti tilipire. Zambiri ndithu."

"Si munati mwalipira kale zonse?"

"Ati ndinalipira bedi lokha."

Ndalama ya mabelo oyamba inali itathera pa hotelayo, jekete, ndi tsitsi la Jenifer, ndipo mabelo enawo anali asanagulidwe. Ndiye anakumbukira kuti Naphiri anagulitsako mtedza wake. Anandichonderera kuti ndipite kwa ejenti pa Kabudula ndiwatumizire pa foni.

"Ya pa foni ayi," ndinatero. "Ndibweretsa ndi manja angawa."

Eee, ndinasamba ngati ndikupita ku ukwati. Ndinadzola mafuta, kuvala chitenje changa cha pa Khirisimasi, duku kumanga mokweza. Njinga yamoto mpaka pa Nsaru, minibasi mpaka ku Njewa. Njira yonse ndinkalankhula ndekha mumtima. Lero aona kuti mkazi ndi uti. Wa tsitsi lofika m'chiunoyo wawalowetsa, wowatulutsa ndine. Loweruka likadali langa, ndikawatenga pamaso pake n'kubwera nawo kwathu. Ndinkafunanso, ndinene zoona, kuti akandilowetse m'chipindamo ndikangokhalako pang'ono pabedi lija, ndimve kuti limamveka bwanji.

Pageti mlonda anandiyang'ana kuyambira kumapazi, koma anandilozera khomo la magalasi. Mkatimo pansi pankawala moti ndinayenda mosamala ngati pamatope. Ndinawapeza atakhala pasofa pafupi ndi kauntala, zikwama zili pamapazi. A Adamson jekete atavula, thukuta kamukamu m'nyumba yozizira chonchija. Jenifer atazyolika, tsitsi lija litamuphimba kumaso.

"Mwafika, amayi aakulu," anatero osadzutsa mutu.

"Ndafika, amayi aang'ono. Mwasambira bwanji?"

Mtima wanga unachita kuzizira bwino ngati ndamwa madzi a mumtsuko.

Pakauntala panali mtsikana waulemu wake, wovala yunifolomu. Ndinamuuza kuti ndisanamasule mfundo ya chitenje changa, andiuze chimene ndikulipira. Anafotokoza modekha. Mtengo wotsika uja unali wa chipinda basi. Pamwamba pake pali msonkho wa alendo. Pali ndalama ya chisamaliro. Pali ya dziwe, imene amalipira aliyense, wosambira ndi wosasambira yemwe. Chakudya cha m'mawa sichinali m'kati mwa mtengowo. Zonsezi, anatero, zinalembedwa mmunsi mwa uthenga wa kampani ija, m'timalemba ting'onoting'ono.

"Timalemba take ta Chichewa?" ndinafunsa.

"Ta Chingerezi, mayi."

Ndinatembenuka kumuyang'ana Jenifer. "Nanga Fomu 2 ija inatsalira m'minibasi, eti?"

"Koma zimenezo n'zochepa," anapitiriza mtsikana uja. "Zambiri ndi za m'kafiliji ka m'chipinda."

Apa a Adamson anadzuka, mkwiyo utawabwerera. "Imvani inu, amake... imvani. Talowa m'chipinda, tapeza atiikira zakumwa, mabisiketi, chokoleti, mtedza wokazinga. Kwathu mlendo ukamuikira chakudya m'chipinda chake, ndiye kuti wamupatsa. Tikanazisiya si mukanati tanyoza? Tinadya zonse. M'mawa tikuchokera kokadya, tapeza mwadzazamonso. Ndinamuuza mnzangayu kuti anthu awa ndi aulemu, tisawachititse manyazi."

"Ndiye munadyanso?"

"Zina tinadya. Zotsala tinati tikagawireko ana."

Anakankha chikwama ndi phazi, mabotolo m'katimo n'kulira ngwe ngwe. Abambo awiri a masuti amene ankadikira pambali anayang'anana, wina n'kubisa kukamwa ndi nyuzipepala.

Sizinathere pomwepo. Ati kuchipindako kunabweranso mayi wina kudzagogoda, kufunsa ngati pali zochapa. Jenifer anayesa ndi chifundo cha amayi anzathu, anapereka zonse, ndi zoyera zomwe, mpaka anamudalitsa. Ndiye a Adamson, pofuna kuti mbiri ikafike kumudzi, anaitana anzawo awiri a pa Njewa kuti adzawaone. Alendo akuyendera, ungawabweze chimanjamanja? Anawaitanitsira nkhuku ndi tchipisi. Woperekera zakudya atafunsa kuti, "Tilembe pa chipinda?" iwo anati, "Lembani, chipindacho n'cholipira kale."

Ndinkafuna kuseka mpaka kugwa pansi. Koma kuseka kunandithera, chifukwa ndinadziwa kuti ndikanakhala ine, kafilijiko ndikanakapukutanso chimodzimodzi. Ndiye kuti panalibe chimene Jenifer anachita choti ine sindikanatha. Kupusa komweko ndikanapusa ine, pabedi lomwelo, m'sabata yanga.

Ndinayamba kumasula mfundo. Mtsikana uja anakoka buku la malisiti n'kutenga cholembera.

"Pepani mayi, ndiyenera kulemba amene walipira. Inu ndinu ndani wawo wa bambowa?"

Ndinakweza mutu, kuwongola duku. Funso limeneli ndi limene ndinalipirira minibasi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe mokweza, Jenifer amve, a masuti aja amve. Koma a Adamson anandidula.

"Ndi alongo anga," anatero mofulumira. "Achemwali anga akumudzi."

Ndinawayang'ana. Iwo maso anali pa abambo a masuti aja. Polowa Lachinayi anali atalembetsa kuti Jenifer ndiye mayi wa kunyumba, ndipo pamalo owala chonchija anachita manyazi kuti anthu adziwe kuti ali ndi akazi awiri, winayo wa zala zakuda ndi fodya. Ngakhale Jenifer anadzutsa mutu, kukamwa kuli yasa.

"Muli ndi mwayi, bambo," anatero mtsikana uja akulemba. "Alongo otere ndi osowa masiku ano."

Mayo ine! Ana asanu ndawaberekera bambo amenewa, mmodzi tinakamuika limodzi kumanda. Ndikanatha kumanganso mfundo yanga n'kutuluka, atsale azitsuka mbale za hotela mpaka mabelo atagulidwa. Koma manja anangopitiriza okha. Ndinaika ndalama ya mtedza wanga pakauntala, ndinalandira lisiti, ndinathokoza. Za kukaona chipinda zija sindinazitchulenso.

M'minibasi a Adamson pakamwa sipanatseke. Ati anthu a m'tauni ndi akuba ovala mataye. Ati akadzagulitsa mabelo otsalawo adzandibwezera ndi kuwonjezerapo. Anatulutsa chokoleti m'chikwama n'kundipatsa. "Idyani, mwagula ndinu." Ndinangochiyang'ana mpaka anachibweza. Pa Nsaru Jenifer anatsika. Anaima pawindo ngati akufuna kundiuza kanthu, koma anangoti, "Muyende bwino, amayi aakulu," n'kunyamuka. A Adamson anatsala ndi ine, poti Loweruka linali lisanathe.

Tinafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba. Ezeliya anali pabwalo akupeta mtedza umene ndinausiya, makutu ali tcheru. A Adamson anapatsa moni, ananyamula chikwama, n'kulunjika kuchipinda monga mwa masiku onse. Ndinawadutsa n'kuima pakhomo.

"Alongo, mukupita kuti?"

Anaseka. "Aaa, amake Nancy, mukadali pomwepo? Zija zinali zapakamwa chabe, zothana ndi anthu a m'tauni."

"Kwathu kuno mwamuna salowa kuchipinda kwa mlongo wake. Ndi malaulo amenewo. Kapena kwanu amalowa?"

"Naphiri, taganizani bwino."

"Ndaganiza njira yonse. Munanena pamaso pa anthu, ndipo analemba."

Ezeliya anasiya kupeta. Ine ndinalowa, kutenga mphasa, kuyala pakhonde. Ndinabweretsa madzi akumwa m'kapu ya alendo, kugwada patali, kupereka ndi manja awiri. Ndinawafunsa za ulendo, ndinawafunsanso kuti alamu anga a ku Nsaru ali bwanji. Ulemu wonse umene mlongo amalandira kwa mlongo wake anaulandira, osapungula.

"Mukapuma," ndinatero, "njinga zamoto zikadalipo pamsewu."

Anakhala pamphasapo nthawi yaitali, kudikira kuti mwina ndiseka. Ananyengerera, anakalipa, anati akaitana ankhoswe. Ndinati akaitane, ndikawaonetse munthu amene anamva ndi makutu ake, Jenifer. Kenako anadzuka, anakoleka jekete paphewa, ananyamula chikwama chawo cha mabotolo, n'kulowera kumsewu. Sanacheuke, ndipo ine sindinawaitane.

"Achemwali, mwalimba mtima," anatero Ezeliya.

Ndinalowa kuchipinda n'kukhala pabedi langa. Tsiku limodzi lokha limene linatsala m'sabata yanga, limene ndinakaliwombola ndi mtedza wanga, ndinali nditalipereka ndekha kwa Jenifer, pamodzi ndi masabata onse akutsogolo. Ankhoswe anabweradi, kawiri konse, koma chitseko sindinatsegule, ndipo sindidzatsegula.

Anthu m'mudzi muno amanditama kuti Naphiri ndi mkazi wosaponderezeka. Ndimavomera. Koma Lamulungu lililonse, njinga yamoto ikamveka kumsewu, ndimapezeka ndaima ndi tsache m'manja, kumvetsera ngati ikhotere kuno. Imapitirira. Ndipo ndikaganiza kuti nthawi imeneyo bambo a Nancy ali pakhonde ku Nsaru, akuseka mano onse pamtunda, nsanje imandiluma monga inandilumira tsiku loyamba.