Manja a Filomena

Ndakhala ndikukonza mawailesi pakhonde la sitolo ya Che Athumani pa Kamwendo kwa zaka zoposa makumi awiri. Magetsi ndilibe. Chitsulo changa chowotcherera mtovu ndi chamkuwa, cha chogwirira chamtengo, ndipo ndimachitenthetsa pambaula. Amene ankandikupizira mbaulayo anali mkazi wanga Anastazia, masiku a msika akamaliza kugulitsa mtedza wake. Ankakupiza ndi mbale yakale yachitsulo. Anamwalira mu 1987, mvula itangoyamba. Kuyambira pamenepo ndimakupiza ndekha.

Mwana tinali naye mmodzi, Filomena. Ali wamng'ono ankakonda kubwera pabenchi langa n'kumandandalika masikuluwu pansi, aakulu paokha, aang'ono paokha. Ndinkamuthamangitsa. "Pita ukawerenge." Sindinkafuna kuti manja ake adzakhale a zipsera ngati anga. Anawerengadi. Anasankhidwa kupita ku yunivesite, ndipo mu 1990 anabwerako ndi digiri ya makompyuta. Ine kompyuta ndinali ndisanaionepo.

Ntchito sinapezeke msanga. Anakhala pakhomo miyezi isanu. Ndinene zoona, miyezi imeneyo ndinaikonda. Pobwera madzulo ndinkaona utsi padenga ndikadali kutali. Sitinkacheza kwenikweni, poti ine si wolankhula, koma chitseko chinkalira ine ndili chikhalire, ndipo m'chipinda chinacho munkamveka munthu akutsokomola.

Kenako eni esiteti ina ya fodya, kupitirira Kapondo, anagula kompyuta. Inabwera palole kudzera ku Chipata. Manijala wa paesitetipo, a Jonasi, ankandidziwa chifukwa ndinawakonzerapo wailesi. Anatuma uthenga kuti Filomena apite akamuyese. Lachisanu kunkabwera bwana wamkulu kuchokera ku ofesi yawo ya ku Lilongwe. Akapeza makinawo akugwira ntchito, amutenga Filomena kukakhala ku Lilongweko, kumene anali ndi makompyuta ena asanu ndi imodzi. Akapeza sakugwira, aitana munthu wina ku Blantyre, Filomena n'kubwerera kunyumba.

Lolemba anapita panjinga yanga. Anabwerako dzuwa likulowa. Lachiwiri m'mawa anaima pakhomo pa chipinda changa.

"Ababa, ikuyaka, kenako n'kuzima yokha. Tiyeni mukangoona."

Tinapita, iye kumbuyo kwa njinga. Msewu wake ndi wa mabampu okhaokha, mano amachita kugundana.

Ofesi inali kachipinda kamodzi pafupi ndi zigafa. Panja jenereta inkalira. Patebulo panali bokosi lotuwa, pamwamba pake galasi, kutsogolo kwake mabatani ngati a taipi. Filomena anadina. M'katimo kafani kanayamba kupemerera kamphepo, kanyali kobiriwira n'kuyaka. Ndisanawerenge mpaka khumi, zonse zinangoti zii.

"Basi, ndi zimenezo kuyambira dzulo," anatero a Jonasi. "Tsegulani muone m'kati, mayi. Si munaphunzira?"

"Sitinkatsegula," anayankha Filomena, maso ali pansi. "Tinalipo makumi atatu, makompyuta asanu ndi atatu. Pulogalamu tinkayamba talemba papepala, kenako n'kudikira nthawi yathu. Polowa tinkavula nsapato. Ikavuta tinkakweza dzanja, kunkabwera bambo wa khoti loyera n'kutiuza kuti tituluke. Zaka zinayi zonse sindinaonepo m'kati mwake."

"Ndiye digiri yanuyo ndi ya chiyani? Dalaivala wathu wa thirakitala sanafike sitandade faifi, koma amadziwa mbali imene kuli injini."

Ponena zimenezo anamenya tebulo ndi dzanja. Kanyali kaja kanayaka, kamphepo kanazungulira pang'ono, n'kuzimanso. Iwo sanazione chifukwa anali atatembenukira kwa ine. Filomena anali akuyang'ana pansi. Ndinaziona ndine.

Chinthu chimene chimadzuka ukagunda tebulo sichinafe. Penapake mtovu wang'aluka pamwendo wa kachipangizo kolemera, ndiye kakugunda n'kulekanso. Mawailesi oyenda pamsewu wathuwu amadwala matenda amenewa chaka chilichonse.

"Nanga inu, a Mateyo, mukuti bwanji?" anandifunsa a Jonasi.

"Makompyuta sindiwadziwa," ndinatero.

Sindinaname. Koma pobwerera njinga inandilemera kuposa popita.

Lachitatu ndinakhala pabenchi langa. Che Athumani anatuluka m'sitolo ndi kapu yawo ya tiyi n'kundiyang'ana kwa kanthawi.

"Che Mateyo, sikuluwu imodzi yomweyo chiyambire m'mawa? Ikukulumani?"

Ndinaiika sikuluwuyo pambali.

"Za mwana zayenda bwanji?"

"Imayaka n'kuzima."

"Basi?"

"Akagunda tebulo imadzuka."

Anaika kapu pansi. "Ine ndimagulitsa shuga ndi parafini, koma ndakhala ndikukumvani pakhonde pano mpaka imvi. Chodzuka ndi kugunda, mwendo wang'aluka. Mwamuuza?"

Ndinatola mbale ija n'kuyamba kukupiza mbaula, ngakhale panalibe choti ndiwotcherere.

"Ohoo," anatero. "Mukufuna mumusunge ngati nkhuku yoikira."

"A ku yunivesite ndi amene anayenera kumuphunzitsa."

"Anayeneradi. Kumeneko analakwa, mwana zaka folo osamugwiritsa sikuludiraiva. Nanga pakhonde pano sikuludiraiva inalibe mwini? Ndani ankati pita ukawerenge, pita ukawerenge, mpaka ine ndinayamba kuopa kuti mundituma inenso?"

Munthu analowa kudzagula machesi, iwo n'kumutsatira. Ndinatseka msanga tsiku limenelo.

Ndinamupeza Filomena pamkeka kuseri kwa nyumba, mabuku ali mbwee. Anali atajambula makina onse papepala lalikulu, timabokosi ndi mizere yolumikiza. Anandionetsa ndi pensulo.

"Ndachotsa chimodzichimodzi, Ababa. Likanakhala galasi, kamphepo sikakanaima. Ikanakhala mbali yosunga zinthu, ikanalira kapena kulemba uthenga. Zikuzima zonse pamodzi, ndiye vuto lili apa, polowera magetsi." Anazunguliza kabokosi kamodzi. "Koma sindidziwa kuti pamaoneka bwanji. Ndingathe kupayang'ana osadziwa kuti ndi pomwepo."

Anali atafika pamene ine ndinafika, iye papepala, ine ndi tebulo la a Jonasi. Ndinangoti, "Mm."

Anapinda pepala lija bwinobwino. Kenako anaseka pang'ono.

"Musadandaule. Ndikakanika ndizidzakukupizirani mbaula ngati amayi. Mbale ija ikadalipo?"

"Ilipo."

Ndinalowa m'nyumba. Chimene ananenacho ndi chimene ndinkafuna kuyambira Lachiwiri. Nditachimva kuchokera pakamwa pake, sindinachifunenso.

Lachinayi m'mamawa ndinamanga mbaula panjinga, kathumba ka makala, chitsulo changa, mtovu, ndi kagalasi kokulitsa zinthu kamene ndinachotsa mukamera yakufa. Filomena anatuluka n'kuyang'ana katunduyo.

"Mukupita kuti, Ababa?"

"Kwera."

A Jonasi ataona mbaula pakhomo la ofesi anagwira m'chiuno.

"A Mateyo, mwabwera kudzaotcha chimanga? Chinthuchi chadutsa mayiko. Taonani kapepala aka anamata kumbuyoku. Mukakang'amba, mlandu ndi wanu."

"Dzana munati atsegule," ndinatero.

"Dzana ndinali nditakwiya."

"Mlandu ukhale wanga," anatero Filomena.

A Jonasi anatuluka, akuti akukaona fodya, sakufuna kukhala mboni.

Filomena anandisunthira mpando kuti ndikhale patebulo. Ndinakana. Ndinamupatsa sikuludiraiva, ine n'kuika manja kumbuyo.

"Ababa, inu ndi amene mumadziwa."

"Ku Lilongwe kulibe ine. Zula chingwe."

Anazula. Anafuna kuyamba pomwepo, ndinamuletsa. Ndinamuuza kuti m'zinthu zimenezi mumakhala timigolo totchedwa makondensa, timasunga moto ngakhale wazimitsa, ndipo timaluma. Tinadikira mpaka makala atayaka. Kenako anang'amba kapepala kaja, n'kumasula masikuluwu. Anawandandalika pazenera, aakulu paokha, aang'ono paokha. Ndinayang'ana kumbali.

Anachotsa chivundikiro n'kusuzumira m'katimo. Ndiye anayamba kuloza, uku akutchula mayina achingerezi. Chilichonse ankachidziwa dzina ndi ntchito yake, ngati munthu amene wakumana ndi abale amene ankangowamva m'makalata. Ine ndinkangodziwa kabokosi kachitsulo kapakona, kamene chingwe cha magetsi chinalowamo. Anakapeza yekha. Anakamasula, ndipo ndinamuonetsa mmene amathetsera moto wotsala m'makondensa asanagwire.

"Mphuno poyamba," ndinatero.

Ananunkhiza. "Palibe chapsa."

"Tembenuza kathabwa kali m'katimo. Yang'ana miyendo ya cholemera kwambiri."

Anatenga kagalasi kaja n'kupita pazenera. Anayang'ana nthawi yaitali. Ine ndinali nditauona kale mng'aluwo ndili chiimire, koma ndinatseka pakamwa. Pamapeto pake anati, "Apa pali kamzere kozungulira, ngati tsitsi."

"Kankha ndi chala."

Anakankha. Mwendo unagwedera.

"Kameneka?" anatero. "Masiku atatu osagona chifukwa cha kameneka?"

Ndinakupiza mbaula mpaka chitsulo chitatentha. Ndinamuuza kuti atenthetse mwendo, osati mtovu. Koyamba mtovu unangokhala kampira pamwamba osagwira. Pobweza chitsulo anakhudza chala chake. Anakuwa, n'kuika chalacho mkamwa.

"Chotsa. Yambiranso."

"Ababa, ndapsa!"

"Ndaona. Yambiranso."

Kachiwiri mtovu unayenda wokha n'kuzungulira mwendo, wowala ngati siliva. Ndinamuuza kuti achitenso chimodzimodzi miyendo ina yonse ya chinthu chimenecho, chifukwa msewu umene unang'alula umodzi sunasiye inayo ili bwino. Anabwezera zonse m'malo mwake. Sikuluwu sinatsale ngakhale imodzi.

Anadina. Kamphepo kanayamba, kanyali kanayaka. Ndinawerenga mpaka makumi asanu. Pagalasi panatuluka malemba obiriwira.

"Menya tebulo," ndinatero.

Anamenya. Sichinazime. Anamenyanso mwamphamvu, mpaka a Jonasi anabwera akuthamanga.

"Mwaphwanya?"

Filomena sanatembenuke n'komwe. Anali atakhala kale pampando, zala zikuthamanga pamabatani, chala chakupsacho atachikweza m'mwamba. Malemba ankakwera n'kumasowa, ena n'kubwera. A Jonasi anasolola mpando wina n'kukhala pambali pake, akuti, "Mayi, tapangani pang'onopang'ono, nanenso ndione." Apo ine sindinkamvapo kanthu. Ndinatuluka, ndinakhuthula makala, n'kudikira pansi pa mtengo kuti mbaula izizire.

Pobwerera, tili pakati pa njira, analankhula kumbuyo kwanga.

"Ababa, Lachiwiri lija munadziwa?"

Ndinapalasa kanthawi.

"Ndinadziwa."

Patapita nthawi ndinamva mutu wake utatsamira pamsana panga, mpaka tinafika.

Bwana uja anabwera Lachisanu n'kumulemba ntchito. Lolemba lotsatira ndinamuperekeza pa Kamwendo kukakwera basi. Che Athumani anamupatsa paketi ya shuga n'kumuuza kuti asakakwatiwe ndi munthu wa khoti loyera. Ine ndinamupatsa sikuludiraiva ija ndi kagalasi. Basi itafika ndinakweza sutikesi yake pamwamba, n'kuuza kondakitala kuti amange bwino.

Amalemba kalata mwezi uliwonse. Mu yoyamba anati makompyuta asanu ndi imodzi aja anawatsegula onse kuti apukute fumbi, ndipo anzake awiri a digiri ngati yake anaima kumbuyo kwake n'kumasuzumira. Anatinso pachala patsala chipsera. Che Athumani amati ndiwalembere a ku yunivesite, ndiwauze kuti azipatsa mwana aliyense sikuludiraiva tsiku loyamba. Ndimagwirizana nazo. Koma sindinalembe, chifukwa angandifunse kuti yanga inali kuti zaka zonse zija.

Madzulo a tsiku limene anapita ndinatseka benchi pa nthawi yake. Ndinapalasa pang'onopang'ono. Nditafika pamene nyumba imaonekera ndinayang'ana padenga, mwa chizolowezi cha miyezi isanu ija. Kenako ndinatsika panjinga n'kuyamba kutola nkhuni m'mbali mwa njira.